Munda wa Mlandu ku Kwayera

Ukadutsa phiri lomwe kale linali ndi mitengo, n'kuwoloka mtsinje womwe kale unali ndi madzi, wafika mu ufumu wa Kwayera. Usavutike kufunsa njira. Ukangomva fumbi likukulonjera m'mano, tsika, ndi pomwepo.

Mwini dzikolo anali Mfumu Sindilakwa Wachiwiri. Woyamba uja analakwa kamodzi kokha: anamwalira. Wachiwiriyu analumbira pamaso pa anthu kuti zimenezo iye sadzachita.

Tsono tsiku lina, ikuperekeza apongozi ake, mfumuyo inaponda tsamba louma lomwe pansi pake panabisala khoko la nthochi. Miyendo m'mwamba, chisoti uko, nsapato uko, apongozi akuonerera zonse mpaka zosayenera kuona. Poti mfumu siilakwa, bwalo linakhala pansi n'kupeza kuti wolakwa ndi tsamba. Lamulo linatuluka dzuwa lisanapendeke: tsamba lililonse logwa pansi ndi chigawenga. Lisesedwe, litenthedwe. Pakhomo, panjira, ngakhale m'munda. Mapesi, makoko, udzu, zonse pamoto. Nawo mtengo, poti ndiwo umabereka zigawengazo, udulidwe usanayambe maganizo oipa.

Anakhazikitsa Unduna wa Zosesa, nduna yake Olemekezeka a Psiti, munthu woti akamadutsa nkhuku zimagwira nthenga zawo kuti zisathothoke.

Abale inu, anthu anasesa! Anasesa mpaka minda inayera mbee ngati mbale ya mlendo wanjala. Mvula ikagwa inkangotsetsereka, kunyamula dothi lonse n'kukapereka ku maiko oyandikana nawo, popanda ngakhale zikomo. Chimanga chinkafika m'mawondo n'kumasula ngayaye kuti zithe msanga. Kaufiti yekha ndiye ankaoneka kuti boma likumukomera.

Koma musati boma linkadana ndi mitengo, ayi. Chaka chilichonse mvula ikayamba, mfumu inkabzala mtengo pamaso pa mtundu wonse, ng'oma zikulira, amayi akulikha gule, wailesi ikulengeza kuti dziko labiriwira. Dzenje lake linali lomwe lija la chaka chatha. Anthu akabalalika, mbuzi ya kunyumba yachifumu inkabwera kudzatseka mwambo. Mbuzi imeneyo inali yonenepa kuposa nduna zina.

Panali chinthu chimodzi chokha chomwe tsache la boma linkachiopa: ndodo ya mlandu. Mwambo wa makolo ku Kwayera unkati anthu akakangana pa za munda, mlonda wa bwalo amabwera kudzazika ndodo yofiira pakati pa mundawo. Ikangoima ndodoyo, khasu, tsache ndi moto sizilowamo mpaka mlandu utagamulidwa. Ngakhale mfumu siiizula.

Apa ndi pomwe akulowa aNagama.

ANagama anali mayi wa geni pamsika wa Tingopenya, pakamwa pawo pothwa ngati lezala latsopano. Amuna awo, aJere, anali okonza njinga, munthu wofatsa koma wamakani a bulu. Ankakhala kwawo kwa mkazi, ndipo munda unali womwe aNagama anasiyiridwa ndi amayi awo: kachigawo kouma gwa, kodzaza zigwembe, komwe ngakhale chiswe chinasamukako.

Chaka china nthawi yosesa minda itakwana, aNagama anati, "AJere, tsache ilo."

"Landitani?"

"Mkamwini amasesa munda wa apongozi."

"Munda ndi wa kwanu. Zinyalala ndi za kwanu. Ine kwathu ndinabwera ndi sipanala basi."

Anakangana mpaka agalu a m'mudzimo anasiya kuuwa kuti amvetsere. Mawa lake anakasumirana, mlonda anabwera ndi ndodo yofiira, zike! Ndipo poti bwalo la ku Kwayera linali lotanganidwa ndi milandu ya masamba, wa aNagama unaiwalika.

Koma aNagama sanaiwale. Iwo ankadziwa mumtima kuti tsiku lachigamulo wosesa adzakhala aJere, ndiye anaganiza zowachulukitsira ntchito. Akadya mango, njere ponye m'munda. Papaya woola wotsala kumsika, ponye. Matumbo a dzungu, njere za mapeyala, nandolo wofumbwa, zitsa za nthochi zomwe aneba ankafuna kutentha, zonse khuthu!

"Zikuchuluka, aJere!" ankakuwa. "Mudzasesa mpaka msana udzapindike ngati handulo ya njinga zanuzo!"

AJere nawo ankadziwa mumtima kuti wosesa adzakhala aNagama. Anayamba kuzungulira makola a anthu ndi wilibala, kututa ndowe, zitosi za nkhuku, za mbuzi, za nkhunda, kukhuthula pamwamba pa zinyalala za akazi awo.

"Mudzasesa ndinu, mayi! Mudzasesa mutatseka mphuno!"

Aneba ataona kuti pali malo omwe lamulo silifika, anayamba kubwera mozemba ndi mitolo ya mapesi ndi masamba, kuponya, n'kumapita akuimba mluzu.

Mvula inabwera. Inayesa kutsetsereka monga mwa chizolowezi, koma inakodwa m'zinyalala, n'kukhala pansi, n'kulowa m'nthaka mwamanyazi. Zaka zinagubuduzika, chidani chikuthiridwa manyowa mbali zonse, ndipo tsiku lina aNagama potuluka m'nyumba anapeza kuti munda wawo sakuuonanso. Pamwamba mango ndi mapeyala zikukankhana. Pansi pake mapapaya, nthochi, magwafa omwe apumbwa anabweretsa m'mimba mwawo osafunsidwa. Nandolo m'mbali, kalongonda akukwera aliyense amene waima, maungu akukwawa ngati aledzera, bonongwe ndi chisoso paliponse, mbatata zikutupa mwakachetechete pansi pa masamba oola. Njuchi zinabwera ndi katundu yense. Chitsime chomwe chinauma aNagama ali namwali chinayamba kulira achule. Tsiku lomwe nyongolotsi yoyamba inatuluka, theka la mudzi linathawa. Anthu anali ataiwala kuti kuli chinthu chotere.

Khasu linali loletsedwa, inde. Koma mwambo sunanenepo kanthu za manja ndi pakamwa.

Tsono vuto la kukhuta ndi lakuti mkwiyo umasowa pokhala. Munthu sungatukwane bwino uli ndi uchi pamilomo. Pang'ono ndi pang'ono aNagama anayamba kuwasungira aJere nthochi yakupsa bwino. AJere anayamba kuwathyolera aNagama papaya wa pamwamba. Masaya anatuluka. Anthu awiri aja anayamba kukondana mochititsa manyazi, ndodo yofiira ili chiimire pakati pa nkhalango, mphonda itaikulunga.

Zinaululika pamsika.

Tsiku limenelo a Psiti anabwera ku Tingopenya kudzayendera ukhondo, asilikali a masache ali pambuyo. Msika wonse unali mbee: ogulitsa chimanga anali ndi zitsononkho zazitali ngati chala, ogulitsa masamba ankagulitsa nkhani. Benchi la aNagama lokha ndilo linkachita kulira ndi kulemera.

"Amalume, dziko likuyenda bwanji?" nduna inafunsa mkulu wina wogulitsa fodya.

"Likuyenda ndithu, bwana. Dzulo lomweli munda wanga wadutsa apa ndi mphepo, ukulowera kumpoto."

"Nanga inu mayi, zokolola?" inafunsa mayi wina wogulitsa chimanga.

"Zaukhondo, bwana. Nkhokwe yanga mulibe ngakhale kachitsotso."

Nduna inagwedeza mutu mokhutira. Kenako inatembenuka, n'kuona zoopsa. AJere anali atakhala pabenchi, akudula papaya, akuwaika aNagama kachidutswa m'kamwa. ANagama akuseka kikiki, akuwamenya paphewa mwachikondi.

"Imani pomwepo! Inu si aja a munda wa mlandu?"

Papaya anawakhala pakhosi aNagama.

"Anthu a mlandu amadyetsana?" a Psiti anakuwa, maso ali ngwee ndi chimwemwe. Nkhalango ija inkawasowetsa mtendere kwa zaka. Ankaiona ali pawindo la ofesi yawo ngati chipere chobiriwira pamutu wometa bwino. "Ngati mwagwirizana, mlandu palibe. Ngati mlandu palibe, ndodo izulidwe. Ndodo ikazulidwa, anyamata anga alowa ndi nkhwangwa, masache ndi machesi. Mawa kubwalo, pamaso pa Mwinidziko!"

Itachoka nduna, mayi wogulitsa usipa anapukusa mutu. "Mwaona chikondi, anzanga? Ine n'chifukwa chake amuna anga ndimawatukwana m'mawa uliwonse. Chitetezo."

Atabwerera kunyumba, aNagama anawakoka aJere mpaka pansi pa nthochi m'munda muja.  Anayang'ana mapeyala akulendewera, njuchi zikung'ung'uza, dothi lakuda bii lomwe amayi awo anamwalira osalionapo, n'kuganiza zonsezo zili phulusa.

"Tiyeserere. Nditukwaneni."

AJere anakhosomola. "Inu aNagama... ndinu... muli ndi..."

"Tiyeni!"

"Muli ndi kachitsotso patsitsi apa. Dikirani ndikuchotseni."

"Asa! Ndati munditukwane! Kale munkati pakamwa panga ngati belu la njinga yakuba!"

"Ndinali ndi njala nthawi imeneyo, mayi."

"Chabwino, ndiyambe ine. AJere, ndinu waulesi, mutu ngati chishalo, mapazi ngati mapedulo!"

AJere anaseka mpaka kugwera m'maungu. "Mapedulo! Koma inu ndiye ayi. Bwerezaninso."

ANagama anagwira m'mutu. Munda uwu ufa ndi chikondi, ndithu.

Kubwalo lachifumu munthu asanagwade ankayamba wasesa pogwadapo, akadzuka n'kusesanso. Mfumu Sindilakwa inakhala pampando, tsache lagolide lili m'manja. Ikaligwetsa pansi ndiye kuti mlandu watha. Anthu a ku Tingopenya anadzaza mpaka pakhomo, poti zaulere ku Kwayera zinatsala milandu yokha.

A Psiti anayamba. "Mwinidziko, Inu amene mapazi anu sanaterereke chiyambire..."

"Sanaterereke!" bwalo lonse linavomera.

"...ndaona ndi maso angawa tsamba litagona pa tsamba linzake. Pansi pake tsamba lina. Msonkhano wa zigawenga, Mwinidziko, usana ndi dzuwa! Ndipo eni mundawo akunamiza ndodo ya makolo. Mlandu anathetsa kalekale. Dzulo ndinawagwira akudyetsana papaya!"

Bwalo linati haa!

Mfumu inawerama. "Mayi, mukadali pa mkangano ndi bamboyu?"

"Kwambiri, Mwinidziko! Munthu uyu ndi waulesi. Chibwerereni kwathu sanagwirepo tsache!"

"Bambo, mukuyankhapo chiyani?"

AJere anawayang'ana akazi awo, maso ali tolotolo. "Akunena zoona, Mwinidziko. Mayiwa sanama."

Anthu a kumsika anabuula. "Amuphe basi mwamuna ameneyu," anatero wa usipa uja.

ANagama anayesanso. "Amachita nkonono ngati chigayo!"

"Pepani mayi, ndiziyesetsa kugonera chammbali."

Tsache lagolide linayamba kukwera m'mwamba. A Psiti anali atatulutsa kale machesi m'thumba, akuwaseweretsa. ANagama anapisa dzanja pachitenje pomwe anamangirira kamba wa panjira, n'kutulutsa peyala lalikulu ngati mutu wa khanda.

"Umboni, Mwinidziko! Onani pomwe zafika zinyalala za m'munda uja. Zayamba kubereka!"

Tsache linaima m'malere. Mfumu inali isanaone peyala chiyambire lamulo lake lomwe. Inalamula kuti umboniwo ung'ambidwe pakati, iuone bwino. Inaununkhiza. Inaulawa ndi chala. Inaitanitsa supuni. Bwalo linakhala chete, kumangomveka supuni ikupala khoko.

"Hmm," inatero mfumu, ndevu zili biriwiri. "Anabzala chinthu chimenechi ndani?"

"Ndine," anatero aNagama.

"Ndine," anatero aJere.

Anatembenukirana.

"Mwati bwanji, aJere?"

"Ndati ndine. Mtengo uja uli pomwe ndinakhuthula wilibala ya zitosi za nkhunda."

"Njere anaponya ndani? Zitosi zanuzo zimamera mapeyala?"

"Njere yanuyo popanda zitosi zanga ikanakhala mwala mpaka lero! Munaponyapo njere zingati zaka zija munda uli gwa? Chinamera n'chiyani? Kaufiti!"

"Tamumveni mkamwini! Munthu wobwera ndi sipanala lero ali ndi mitengo!"

"Ndatuta ndowe ine mpaka anthu kumandithawa kutchalitchi, inu mukungodya mango n'kumaponya ngati nyani!"

"Nyani ndani? Nyani ndani, mapazi ngati mapedulo iwe?"

Ulendo uno aJere sanaseke. "Pakamwa ngati belu la njinga yakuba!"

Anthu a ku Tingopenya anaimirira, nthungululu lililili! Wa usipa anavula mpango n'kuyamba kuvina. "Abwerera! Banja labwerera mwakale!" Alonda anachita kuwagwira awiriwo, aNagama akuponya miyendo, mumtima akuthokoza Mulungu, komanso atakwiya zenizeni, poti peyalalo anabzaladi ndi iwo.

"Mlandu ulipo," inatero mfumu, ikunyambita supuni. "Ndipo ndi waukulu. Bwalo likaone malo."

Ulendo unanyamuka, mfumu patsogolo, nduna pambuyo, msika wonse kumapeto. Atafika m'mphepete mwa nkhalango, aliyense anaima. Pansi panali masamba okhaokha, mulu pa mulu. Mfumu inatukula phazi. Amayi anatseka maso. A Psiti anayamba kupemphera.

Phazi linatera, fwaa, n'kumira pang'ono ngati pamatiresi. Linatera linzake. Kamphepo kozizira kanaiwomba pankhope. Mfumu inavula nsapato.

"Zigawenga, Mwinidziko!" a Psiti analira. "Zakuzungulirani!"

"Simukuona, a Psiti? Zagona pansi pa mapazi anga. Zagonja. Ndinadziwa kuti tsiku lina zidzagonja."

"Munadziwa!" nduna zonse zinavomera.

Ndiye bwalo linayamba kufufuza. Pa nthochi, aNagama anati ndine, aJere anati ndine, mfumu inadya umboni. Pa gwafa chimodzimodzi, ngakhale apa pumbwa wina anakuwa pamwamba ngati naye akusuma. Pa uchi kufufuza kunatenga nthawi yaitali, ndipo nduna ya zachuma inalumidwa pamphuno ikufuna kufufuza payokha. Pofika pa mango, mfumu inapeza kuti ndi osakhwima.

"Umboni uwu sunapse. Bwalo silingagamule ndi umboni wauwisi. Tidzabweranso."

A Psiti anaona kuti machesi awo akufera m'thumba. Anagwada pamasamba, nkhope ili nyaa ngati agwada pa minga. "Mwinidziko, nzeru zanu n'zakuya. Koma mlandu uyenera kukhala ndi mathero. Lamulani kuti umboni womaliza ukangopsa, ndodo izulidwe, tisese."

"Mwanena bwino. Mayi, mwa mitengo yonse mukukanganiranayi, womwe sunabereke ndi uti? Umenewo ukadzabereka, ndidzagamula."

ANagama anaponya maso uku ndi uku. Mango apsa mwezi wamawa. Masuku chaka chino chomwe. Bwemba wachita kale maluwa. Kenako anakaona, pafupi ndi ndodo yofiira: kamtengo kofika m'kakolo, timasamba tiwiri, komwe kanamera pomwe iwo analavulira njere atamwa phala la malambe.

"Aka, Mwinidziko. Mlambe. Ndinabzala ndine."

"Bodza!" anatero aJere. "Malambewo anagula ndani?"

Mfumu inakayang'ana kamtengoko. "A Psiti, inu mwadula mitengo yambiri, mukuidziwa. Mlambe umabereka liti?"

A Psiti mitengo ankaidziwa ikagwa basi. Koma ku Kwayera nduna siinena kuti sindikudziwa pamaso pa mfumu. 

"Posachedwapa, Mwinidziko."

"Basi. Mlandu waimitsidwa mpaka mlambe ubereke. Pakadali pano bwalo lizibwera kudzafufuza chilichonse chikapsa. Mayi, mapeyala aja mumangireko bwalo pang'ono, likapitirize kuganiza kunyumba."

Mkulu wa fodya uja anachita kudziluma mkono kuti asaseke. Mlambe wa kwawo, asanaudule, unabzalidwa ndi agogo a agogo ake, ndipo unkatchedwabe mwana.

Sabata isanathe, ndodo zofiira zinatha kubwalo. Ku Tingopenya kunali chipwirikiti. Munthu ankasumira mkazi wake, mlamu wake, mbusa wake. Mabanja omwe akhala mwamtendere chikwatiraneni ankabwera kwa aNagama kudzapempha mawu oyambira. Mbeta ina inkazungulira msika ikukuwa, "Ndikufuna wokangana naye, wakhalidwe labwino, ukwati tidzaona!" Mkulu wa fodya, poti analibe wachibale, anadzisumira yekha, n'kuuza mlonda kuti iye wa m'mawa sagwirizana ndi iye wa madzulo. Zitosi za nkhuku zinayamba kubedwa. Asilikali a masache ankangoyenda m'misewu, kusesa msewu, kuusesanso, uku akusuzumira maungu akutuluka m'minda ya milandu.

Mvula yotsatira, wailesi inalengeza kuti mtengo womwe Mfumu Sindilakwa yakhala ikubzala m'dzenje lija tsopano wafalikira dziko lonse. Mbuzi ya kunyumba yachifumu sinatsutse.

Masana ena aNagama ndi aJere anakhala pansi pafupi ndi ndodo yofiira, akuthirira kamlambe kaja ndi chikho, pang'onopang'ono, kuti kasafulumire.

"Koma mayi," anatero aJere, "mlambe umabereka liti kwenikweni?"

"Ine ndi inu tidzakhala tili manyowa."

"Ndiye tikangana mpaka imfa?"

"Nanga kutchalitchi kuja munalonjeza chiyani?"

AJere anaganiza, n'kugwedeza mutu. Anasenda nthochi, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kukubwera nduna, n'kuwaika akazi awo m'kamwa.

"Koma malambe aja ndinagula ndine."

ANagama anatafuna bwinobwino, anameza, n'kupukuta pakamwa.

"Mapedulo," anatero.